Kalondolondo wa anthu pa ntchito za mbaula zamakono ndi mababu osadya magetsi ku Chibavi

Kalondolondo wa anthu pa ntchito za mbaula zamakono ndi mababu osadya magetsi ndi njira imene anthu okhala m'dera amatsatira okha ntchito zimene boma, mabungwe kapena makampani abweretsa kuti mabanja aziphika, kuunikira ndi kuotha ndi makala, nkhuni kapena magetsi ochepa. Anthuwo amafuna kudziwa amene walembedwa kuti alandire, amene wamulemba, ngati katunduyo ndi wolimba, kumene ndalama zachokera, ndiponso kumene angakadandaule chinthu chikawonongeka. Nkhaniyi ndi yofunika m'madera a anthu opeza zochepa monga Chibavi mumzinda wa Mzuzu, chifukwa mbaula kapena babu zimapindulitsa banja pokhapokha zikugwira ntchito m'nyumba tsiku ndi tsiku, ndipo amene angachitire umboni zimenezi ndi eni dera.

Dera la Chibavi

Chibavi ndi limodzi mwa madera okhala anthu ambiri mumzinda wa Mzuzu, likulu la chigawo cha kumpoto kwa Malawi. Mzuzu unakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti munali anthu 221,272. Pa kayendetsedwe ka khonsolo, derali linagawidwa m'mawodi awiri, Chibavi East ndi Chibavi West. Anthu ambiri amalankhula Chitumbuka, koma Chichewa ndi Chitonga zimamvekanso pamsika ndi m'makomo.

Nyumba zambiri ndi za njerwa zofolera ndi malata, zomangidwa mothithikana, ndipo papuloti imodzi pamatha kukhala mabanja angapo a lendi. Mbali ina ya derali ili m'dambo, kotero chinyezi chimavuta m'nyengo ya mvula. Mzuzu uli pamalo okwera mamita oposa 1,200, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri. Chifukwa cha ichi, mbaula ku Chibavi imagwira ntchito ziwiri: kuphikira ndi kuotha.

Chiyambi cha ntchitozi

Ndondomeko ya boma yokhudza makala ya zaka za 2017 mpaka 2027 inanena kuti mabanja oposa 97 pa 100 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. M'matauni, pofika 2018, pafupifupi mabanja atatu mwa anayi ankadalira makala. Ngakhale nyumba zokhala ndi magetsi zimasunga mbaula, chifukwa magetsi amathimathima ndipo mayunitsi amatha msanga munthu akamaphikira nyemba pa hotipuleti. Vutoli linakula mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130.

Kwa Mzuzu, makala amakhudzanso madzi. Nkhalango ya Kaning'ina, imene yayandikana ndi mzindawu, ndiyo imateteza madzi olowa m'damu la Lunyangwa, limene bungwe la Northern Region Water Board limatungako madzi a m'mipopi. Mitengo ikamatha m'nkhalangoyi, amene amagula makala ndi omwewo amene amadzavutika ndi madzi.

Mu 2013, Pulezidenti Joyce Banda analengeza cholinga choti mabanja 2 miliyoni akhale akugwiritsa ntchito mbaula zamakono pofika 2020, ndipo m'chaka cha 2020 kunalengezedwa kuti chiwerengerochi chakwana. Mu 2019 kunayamba ntchito ya Modern Cooking for Healthy Forests, yothandizidwa ndi maboma a America ndi Britain, imene inkalimbikitsa kaphikidwe kamakono m'mizinda kuphatikizapo Mzuzu. Chaka chomwecho Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 150 miliyoni a ntchito ya Malawi Electricity Access Project, yolumikiza mabanja ku magetsi a ESCOM ndi kufalitsa magetsi a sola.

Zipangizo zimene zimalowa m'makomo

Chitetezo mbaula ndi mbaula yadothi yowotchedwa, yonyamulika, imene imagwiritsa ntchito nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Changu Changu Moto ndi mbaula yomanga ndi njerwa ndi dothi, imene bungwe la Ripple Africa linafalitsa m'boma la Nkhata Bay, loyandikana ndi Mzuzu. M'tauni, kumene makala ndiwo afala, zimene zimayenda kwambiri ndi mbaula zachitsulo zokhala ndi dothi lowotcha mkati, zimene zimasunga kutentha. Palinso gasi, mabiriketi opangidwa ndi utuchi kapena zinyalala za mbewu, ndi makala ovomerezeka ochokera ku mitengo yobzala.

Kumbali ya kuunikira, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2010 boma ndi ESCOM, mothandizidwa ndi Britain, anafalitsa mababu osadya magetsi pafupifupi 2 miliyoni, ndipo pambuyo pake kunabwera mababu a LED. Phindu lake ndi losavuta kuliwerengera. Babu lakale la mawati 60 likamayaka maola 5 pa tsiku limadya mayunitsi 9 pa masiku 30. Babu la LED la mawati 9, lowala mofanana nalo, limadya mayunitsi 1.35 pa nthawi yomweyo. Panyumba ya mababu anayi, kusiyanaku kumaposa mayunitsi 30 pamwezi.

Zogawidwa ndi zogwiritsidwa ntchito

Malipoti a ntchito zotere kawirikawiri amawerenga katundu amene watuluka m'nyumba yosungira katundu. Chiwerengero chimenecho sichinena ngati mbaula idakali yamoyo patatha chaka, kapena ngati banja likuphikirapo. Mbaula yadothi imasweka ikagwa kapena ikasiyidwa pamvula. Mayi wophika nsima ya anthu asanu ndi atatu amatha kupeza kuti mphika wake waukulu sukhazikika bwino pa mbaula yatsopano, n'kubwerera ku yakale. Mabanja ambiri amagwiritsa ntchito zonse ziwiri mosinthana.

Malonjezo a zaumoyo nawo amafuna umboni. Kafukufuku wa Cooking and Pneumonia Study, amene anachitikira ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Zotsatira zake, zimene zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, zinasonyeza kuti mbaula zotulutsa utsi wochepa zimene mabanja anapatsidwa sizinachepetse chibayo pakati pa anawo. Izi sizikutanthauza kuti mbaula zamakono n'zopanda ntchito, pakuti kupulumutsa makala ndi ndalama ndi phindu lenileni. Zikutanthauza kuti wogawa mbaula akalonjeza kuti ana sadzadwalanso chifuwa, anthu ali ndi chifukwa chomufunsa umboni. Ndiponso mbaula ya makala, kaya yakale kaya yamakono, imatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, choncho si yogona nayo m'chipinda chotseka mawindo, ngakhale kuzizire motani.

Ndalama za kaboni

Mbaula zambiri zimene zimagawidwa ulere kapena kugulitsidwa motchipa zimalipiridwa ndi malonda a kaboni. Kampani imawerengera utsi umene mbaula iliyonse yapewetsa, n'kulandira ziphaso. Chiphaso chimodzi chimaimira tani imodzi ya mpweya wa kaboni, ndipo chimagulitsidwa kwa makampani akunja amene akufuna kubwezera mpweya umene iwo amatulutsa. Nthawi zambiri wolandira mbaula amasainira kapena kudinda chala papepala lopereka umwini wa ziphasozo kwa kampaniyo. Boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko yake ya malonda amenewa, Malawi Carbon Market Initiative, mu 2023.

Popeza ndalama zimadalira kuti mbaula zikugwiritsidwa ntchito, pamakhala chiyeso chokweza ziwerengero. Mu Januwale 2024, akatswiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Nature Sustainability wosonyeza kuti ntchito za mbaula zimene anaunika m'mayiko osiyanasiyana zinalandira ziphaso zochuluka pafupifupi kasanu ndi kanayi kuposa zoyenera. Chaka chomwecho, kampani ya C-Quest Capital, imene inagawa mbaula zambiri m'Malawi, inaulula kuti ziwerengero zake zina zinakwezedwa. Bungwe la Verra, limene limasunga kaundula wa ziphasozi, linafafaniza ziphaso zoposa 5 miliyoni, ndipo mu Okutobala 2024 boma la America linatsegulira milandu ena amene anali akuluakulu a kampaniyo. Ziwerengero zimene zinali pakati pa nkhaniyi zinachokera m'mafunso ofunsidwa m'makomo, ena mwa iwo a ku Malawi. Zimene banja limayankha mlendo wobwera ndi foni kudzafunsa za mbaula zimasanduka ndalama kutali, ndipo n'chifukwa chake anthu amayenera kuuzidwa chimene akusainira ndiponso kumva zotsatira za kafukufuku wochitika m'dera lawo.

Oyenera kuyankha mafunso

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapereka udindo wa chitukuko cha mumzinda kwa khonsolo. Ku Chibavi, anthu amafikira khonsolo ya mzinda wa Mzuzu kudzera mwa makhansala a mawodi awo ndi makomiti a chitukuko a m'mawodi. Pansi pawo pali mabuloko lida, amene amadziwa nyumba ndi nyumba ndipo ndiwo amaitanidwa kukakhala zolemba mayina. Lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mafumu mphamvu mkati mwa mizinda popanda chilolezo cha khonsolo, kotero udindo wa atsogoleri a m'madera a m'tauni umadalira kwambiri chikhulupiriro cha anthu. Mndandanda wolembedwa m'nyumba mwa munthu mmodzi, ngakhale ukhale wachilungamo, umabala mphekesera za kukondera.

Kunja kwa dera kuli mabungwe ena. Malawi Energy Regulatory Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, imayang'anira za magetsi, gasi ndi mafuta, ndipo imalandira madandaulo a ogula. Malawi Bureau of Standards imaona za ubwino wa katundu. Competition and Fair Trading Commission imamva nkhani za ogula amene apusitsidwa. Nkhani za ziphuphu zimapita ku Anti-Corruption Bureau, ndipo za kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma zimapita kwa Ombudsman. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limalola nzika kupempha zikalata za ntchito zoyendetsedwa ndi ndalama za boma.

Njira za kalondolondo

Njira yodziwika kwambiri inabadwira m'Malawi momwemuno. Mu 2002 bungwe la CARE Malawi linayambitsa Community Score Card pa ntchito za zaumoyo, ndipo njirayi inafalikira kumayiko ena. Olandira thandizo amakhala m'magulu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, n'kusankha mfundo zoti ayezere ntchito, kenako amapereka malikisi pa mfundo iliyonse. Opereka thandizo nawo amadzipatsa malikisi. Pambuyo pake mbali ziwirizi zimakumana pamaso pa atsogoleri, kuyerekeza malikisiwo, ndi kugwirizana zoti zikonzedwe, wokonza wake ndi tsiku lake. Pa ntchito ya mbaula, mfundo zingakhale kulimba kwa mbaula, masiku amene thumba la makala likutha, ndi nthawi imene imadutsa munthu akadandaula.

Njira zina ndi zapafupi. Mayina a olandira amawerengedwa pamsonkhano ndi kumatidwa pasukulu, patchalitchi, pamzikiti kapena pamsika katundu asanabwere. Wolandira amapatsidwa lisiti yokhala ndi nambala ya mbaula kapena ya sola ndi nthawi ya chitsimikizo chake. Pepala losainira limamasuliridwa m'Chitumbuka kapena m'Chichewa. Komiti imayendera makomo patatha miyezi ingapo n'kulemba m'kope mbaula zimene zikugwira ntchito, zosweka ndi zimene zinagulitsidwa. Mabanki a m'mudzi, amene amakumana sabata iliyonse ndipo anazolowera kuwerenga ndalama poyera, ndi malo abwino osungira kope lotere.

Eni nyumba ndi a lendi

Vuto lapadera la madera ngati Chibavi ndi la umwini. Wolipira mayunitsi ndi kugula makala ndi wa lendi, koma wololeza kusintha mawaya, kuika siling'i kapena kumanga mbaula ya njerwa ndi landilodi. Kalembera akatsata mapuloti m'malo mwa mabanja, katundu amathera kwa mwini puloti, mabanja a m'nyumba za kuseri osawerengedwa. Pamene mabanja angapo amagawana mita imodzi n'kumasonkha mofanana, amene wagula mababu a LED amapulumutsira onse, iye osaona kusintha m'thumba mwake. Nyumba ikakonzedwa, lendi imathanso kukwera mpaka banja limene ntchitoyo inkafuna kuthandiza n'kusamuka. Pa chifukwa chimenechi, komiti yopanda anthu a lendi ndi amayi, amene ndiwo amaphika m'makomo ambiri, siona mbali yaikulu ya nkhani.

Udindo wa olandira ndi zovuta zake

Kalondolondo amayang'ananso olandira. Amene walembetsa mayina awiri, wagulitsa mbaula tsiku lomwe walandira, kapena wauza ofufuza kuti amaphikirapo tsiku lililonse pamene ili pansi pa bedi, amasokoneza chiwerengero chimene ntchito yotsatira idzadalire. Ena amayankha zokondweretsa mlendo poopa kuti akanena zoona sadzalembedwanso pa thandizo lina. Mantha amenewa amachepa ngati madandaulo alembedwa m'dzina la gulu, osati la munthu mmodzi.

Zovuta zina ndi zakuti mamembala a makomiti ndi ongodzipereka amene amafunikanso kukasaka ndalama, a lendi amasamuka pafupipafupi, ndipo ntchito zambiri zimatha patatha zaka zochepa, ofesi yake n'kutsekedwa mbaula zisanayambe kusweka. Pamenepo chimene chimatsala m'dera ndi kope la komiti, malisiti a mabanja, ndi amisiri a m'deralo amene anaphunzitsidwa kukonza zipangizozo.