Kufa kwa Fupa la M'chiuno

Fupa nalonso limadya, ndipo chakudya chake chimadza ndi magazi. Mitsempha yopita kumutu kwa fupa la ntchafu ikatsekeka, mutuwo umafa pang'onopang'ono, kenaka nkuphwanyika. Zoyambitsa zake zodziŵika ndizo matenda a sickle cell, moŵa wambiri, mankhwala a steroid ndiponso kuthyoka kapena kuguluka kwa fupalo.

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene banja limadalira khasu, bwato ndi njinga, nthendayi imalanda ana chakudya, pakuti imagwira anthu amsinkhu wogwira ntchito. Ululu umayambira mphechepeche mwa ntchafu, mwina nkumvekera m'bondo, ndipo ambiri amauyesa nyamakazi kufikira atayamba kutsimphina.

Ndodo ndi mankhwala zimachepetsa ululu, koma fupa lophwanyika silibwereranso. Chotsala ndicho kuikapo mfundo yachitsulo ndi pulasitiki. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chotsegulidwa mu 2002, chinachita maopaleshoni otere, ndipo kaundula woyambika mu 2005 anasonyeza kuti ambiri oikidwa mfundoyi anali akufa fupa.

Wodwala ayenera kukapimidwa msanga kuchipatala cha boma, kuti atumizidwe ku Queen Elizabeth fupalo lisanaphwanyike.