Dothi la kwanu lili m'mano mwanu

Mlendo akafika m'dera la Mateus Sansão Muthemba mu mzinda wa Tete, malonje akangotha funso lotsatira limakhala lakuti kwanu n'kuti. Mayankho amachuluka chifukwa anthu ambiri a m'derali adachita kubwera. Ena kwawo ndi ku Angónia, ena ku Macanga, Tsangano, Marávia kapena Changara, ndipo ena adabadwira ku Malawi pamene makolo awo adathawira kumeneko nkhondo isanathe m'chaka cha 1992.

Munthu wamoyo amayankha yekha funsoli. Nanga uja adafera kutali zaka mazana awiri zapitazo, naikidwa popanda dzina, angamuyankhire ndani? Akatswiri a sayansi apeza kuti mano ake angathe kuyankhako, chifukwa dothi la kumene munthu adakulira limasiya chizindikiro m'mano ake.

Chinsinsi chake chagona pa mchere wina wopezeka m'miyala wotchedwa strontium. Mwala ukamafumbutuka n'kusanduka dothi, mcherewu umalowa m'madzi ndi m'mizu ya mbewu. Mwana akamadya nsima ndi ndiwo za m'mudzi mwawo, thupi lake limatenga strontium pamodzi ndi calcium, mchere umene umalimbitsa mafupa, n'kumuika m'mano ndi m'mafupa.

Strontium ali m'mitundu ingapo imene akatswiri amaitcha ma isotope, ndipo amene amapimidwa ndi awiri, wa nambala 87 ndi wa nambala 86. Wa nambala 87 amachulukirachulukira mwala ukamakalamba, makamaka ngati mwalawo uli ndi mchere wina wotchedwa rubidium. Choncho akagawa kuchuluka kwa woyambayo ndi kwa wachiwiriyo, miyala ya chiphala chamoto imene siinakhalitse imapereka nambala yotsika ngati 0.704, madzi a m'nyanja ya mchere amapereka 0.709, pamene miyala ya nsangalabwi yakalekale imatha kupitirira 0.720. Nambalayi siisintha pochoka m'dothi kulowa m'chimanga, kapena pochoka m'chimanga kulowa m'dzino.

Ubwino wa dzino ndi wakuti chikutu chake choyera cha kunja chija chikaumbika sichisinthanso mpaka imfa. Dzino loyamba lalikulu lotafunira limayamba kuumbika mwana akangobadwa, pamene dzino lomaliza la kumapeto kwa nsagwada limaumbika pa zaka za unyamata. Fupa ndiye limasinthasintha moyo wonse, ndipo nthiti imasonyeza zimene munthu ankadya m'zaka zake zomaliza. Dzino ndi nthiti zikapanda kugwirizana, ndiye kuti munthuyo adafera kosiyana ndi kumene adakulira, kapena chakudya chake chidasinthiratu.

Nkhaniyi ikukhudza anthu a m'chigawo chino chifukwa mtsinje wa Zambezi udali njira yaikulu ya malonda a akapolo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, eni minda ikuluikulu ya ma prazo ankatsitsa anthu ogwidwa kudzera ku Tete ndi ku Sena mpaka ku doko la Quelimane, kumene zombo zinkawanyamula kupita nawo ku Brazil. M'mabuku a eni zombo anthuwa ankalembedwa ngati katundu, osatchula mudzi, mfunda kapena mfumu yawo.

Chimodzi mwa zombo zochokera ku Mozambique chidali Pacquet Real cha Apwitikizi, chimene chidasweka pa gombe la Cape Town m'dziko la South Africa pa 18 May 1818 chili pa ulendo wa ku Brazil. Akapolo 25 adamira, ndipo 133 amene adapulumuka sadabwererenso kwawo koma adagawidwa kwa azungu a ku Cape kuti aziwagwirira ntchito.

Mafupa a anthu omirawo adafukulidwa m'zaka za m'ma 1950. M'chaka cha 1997 Glenda Cox ndi Judith Sealy a pa yunivesite ya Cape Town adalengeza zimene adapeza atapima ma isotope m'mano, m'mafupa ataliatali ndi m'nthiti za anthuwo. Adapeza kuti onse adakula akudya za kumtunda ngati anthu a m'midzi, kuti sadachokere ku dera limodzi, ndiponso kuti chakudya chawo chidasintha, mwina pa nthawi imene adagwidwa ukapolo. Ena mwa iwo adali ndi mano osema, ndipo akatswiriwo adati anthuwa ayenera kuti adali Amakua, Ayao ndi Amaravi. Dzina lomalizali si lachilendo kuno, pakuti ndi la makolo a Achewa ndi Anyanja, ndipo boma la Marávia likulisungabe mpaka lero.

Mu mzinda womwewo wa Cape Town, pa msewu wa Cobern, omanga nyumba adatulukira manda akale m'chaka cha 1994, momwe munkaikidwa akapolo ndi amphawi pakati pa 1750 ndi 1827. Gulu la Lisette Kootker ndi Linda Mbeki litapima strontium m'mano a anthuwo lidalengeza mu 2016 kuti oposa theka la amene adapimidwa sadakulire ku Cape.

Komabe kudziwa kuti munthu si wa kuno n'kosavuta poyerekeza ndi kudziwa kwawo kwenikweni. Kuti nambala ya m'dzino ilozere malo, pafunika mapu osonyeza nambala ya dothi la dera lililonse, ndipo kwa nthawi yaitali mapu otere kunalibe mu Africa muno.

Mu December 2024 gulu lotsogoleredwa ndi Xueye Wang ndi Vicky Oelze a pa yunivesite ya California ku Santa Cruz lidatulutsa mapu a strontium a maiko onse a kumwera kwa chipululu cha Sahara. Gululi lidapima zinthu zokwana 778 monga masamba, dothi ndi mafupa a nyama zochokera m'maiko 24, n'kuphatikiza ndi zimene akatswiri ena adapima kale. Kenaka lidayesa mapuwo pa mano a anthu oikidwa ku Charleston m'dziko la America ndi ku manda a Pretos Novos ku Rio de Janeiro, kumene ankataya akapolo omwalira atangotsika m'chombo. Doko la Rio ndi limene linkalandira zombo zambiri zochokera ku Quelimane.

Chigawo cha Tete chili ndi miyala yosiyanasiyana. Mapiri a ku Angónia ndi Macanga ali ndi miyala yakalekale, chigwa cha Moatize chili ndi miyala ya mchenga momwe mukupezeka malasha, pamene dothi la m'madimba a m'mbali mwa Zambezi ndi losakanizika chifukwa madzi amalikokolola kuchokera kutali. Kusiyanaku n'kumene kungathandize kulekanitsa munthu wa kumapiri ndi wa kuchigwa, malinga ngati malo ambiri atapimidwa. Kumene masamba ndi dothi sizinatengedwe, kompyuta imangoyerekeza potsata mtundu wa miyala.

Njirayi ili ndi malire ake. Madera awiri otalikirana akhoza kupereka nambala yofanana, choncho akatswiri amaonjezera kupima ma isotope ena ndi DNA, komanso kuwerenga zolembedwa zakale. Ngakhale atatero, dzino silingatchule dzina la munthu kapena la mudzi wake. Limangochepetsa malo ofufuza, n'kunenanso kumene munthuyo sadachokere.

Njirayi imayendanso bwino pa anthu akale amene ankadya za m'munda mwawo ndi kumwa za pa chitsime chawo. Mwana wokulira m'dera la Mateus Sansão Muthemba lero amadya mbatata ya ku Angónia, nsomba za ku Cahora Bassa ndi mpunga wochokera kunja, ndiye mano ake asunga dothi la pamsika losakanizika.

Akuluakulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. M'chaka cha 2015 dothi lochokera ku Mossuril m'chigawo cha Nampula lidatengedwa kupita ku Cape Town n'kukathiridwa m'nyanja pamalo pamene chombo cha São José chidasweka mu December 1794 chitanyamula akapolo oposa 500 ochokera ku Mozambique, ndipo oposa 200 mwa iwo adamira. Amene adatumiza dothilo ankafuna kuti abale awo agone pa nthaka ya kwawo. Oikidwa ku Cape, ku Rio ndi ku Charleston akudikirabe kuti kwawo kudziwike, ndipo ena mwa iwo akhoza kukhala ana a m'mbali mwa Zambezi.