Chikho chilibe mlandu ku Hauna

M'makomboni a m'minda ya tiyi ku Honde Valley, monganso ku Ratelshoek ndi Jersey, minda ya kampani ya Tanganda ku Chipinge, m'dziko la Zimbabwe, anthu amakhala mobwerekana. Bafa ndi limodzi, thaulo limayanikidwa pa waya wa onse, ndipo othyola tiyi akakhala pansi kupuma, chikho cha maheu chimazungulira. Ena mwa iwo ndi adzukulu a Amalawi amene anabwera kudzafuna ntchito nthawi ya atsamunda. Ndiye mphekesera ikangomveka kuti uje ali ndi siki, monga anzathu Achishona amatchulira matenda opatsirana pogonana, amene anapukutira thaulo lake dzulo tulo samatiwona. M'mawa amadziyang'anayang'ana kumaliseche, kachiphuphu kalikonse nkumati basi zandipeza.

Manthawa ali ndi gwero lake. Kafukufuku amene Simon Gregson ndi anzake anayamba ku Manicaland mu 1998, wokhudzanso anthu a m'maesiteti, anapeza kuti akuluakulu 23 mwa 100 alionse anali ndi HIV. Amene anaika maliro zaka zimenezo sangauzidwe kuti akuopa mthunzi. Koma tizirombo tambiri ta matenda opatsirana pogonana ndi tofooka tikachoka m'thupi. Ka chindoko kamafa kakangouma, ka chinzonono kamafuna malo ofunda ndi a chinyontho a mkati mwa munthu, ndipo HIV sidutsa pakhungu lopanda bala, siyenda m'malovu a pachikho kapena mwa udzudzu. Chimene chinatsitsa chiwerengero chija kufika 20.5 mwa 100 pofika 2003, malinga ndi ofufuzawo, chinali kuchepetsa zibwenzi zapadera ndi kuchedwa kuyamba zogonana. Zikho anthu anapitiriza kubwerekana.

Wina anganene kuti, nanga lezala? Apa akunena zoona. Lezala lometera kapena lotemera mphini kwa sing'anga limatenga magazi, ndipo kachirombo ka chiwindi ka hepatitis B kamakhala ndi moyo sabata yathunthu m'magazi ouma. Mphere ndi nsabwe za kumaliseche nazo zimatha kukwera bulangete, ngakhale izi zimachira ndi mankhwala opaka. Wobayidwa ndi singano imene wina wagwiritsa ntchito asadikire Lolemba: mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambika pasanathe maola 72, choncho njira ndi ya kuchipatala, monga cha Hauna ku Honde Valley, tsiku lomwelo.

Enanso amati kusamala mopitirira sikunaphe munthu. Ine ndikuona kuti kumavulaza. Mayi amene akumwa ma ARV mokhulupirika, kachirombo kake kosaonekanso poyezetsa, sangapatsire ngakhale mwamuna wake, koma pamaliro amapatsidwa mbale yakeyake, ndipo amene akuona zimenezi amalumbira kuti sadzayezetsa. Choipa kwambiri nchakuti nkhani ya kubafa ndi pobisalira pabwino. Bambo akayamba kumva kuotcha pokodza atabwerako ku Hauna tsiku la malipiro, nkosavuta kuuza mkazi wake kuti watengera kubafa. Iye amakalandira jakisoni yekha, mkazi osapatsidwa kanthu, pamene chinzonono mwa amayi ambiri sichionetsa zizindikiro mpaka chitatseka njira za mazira. Chindoko nacho chimayamba ndi kachironda kosapweteka kamene kamapola kokha, matenda ali mkati, nkudzatulukira pa mwana wobadwa atafa kale.