Nyimbo zopanda mawu nazo zimagonthetsa

Gulu la Los Straitjackets linabadwira mumzinda wa Nashville ku Tennessee, kutali kwambiri ndi nyanja, koma nyimbo zake ndi za surf, zija zinayambira m'mphepete mwa nyanja ku California. Eddie Angel ndi Danny Amis analiyambitsa mu 1988, linazilala, kenako linadzukanso mu 1994, chaka chimene filimu ya Pulp Fiction ya Quentin Tarantino inatsegula ndi Misirlou ya Dick Dale n'kukumbutsa dziko za mtundu wa nyimbo umene ambiri anali atauiwala. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1995. Pasiteji amavala zophimba kumaso za ochita masewera ogwetsana a lucha libre a ku Mexico, ndipo nthawi zambiri palibe woimba pakamwa: magitala awiri, besi ndi ng'oma basi. Chifukwa cha zimenezi, okonda nyimbozi ambiri amaziona ngati zofatsa, zosangalatsa ana ndi agogo omwe, zosiyana ndi heavy metal imene aliyense amavomereza kuti imawononga makutu. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo mbiri ya nyimbozi ikuwatsutsa yokha.

Kukweza mawu ndiye kunali mtima wa surf kuyambira pachiyambi. Mu 1961 Dick Dale ankadzaza holo ya Rendezvous Ballroom ku Balboa ndi achinyamata masauzande, ndipo maamplifaya a nthawiyo ankapsa akafuna kuti gitala imveke mpaka kumapeto kwa holo. Leo Fender, wopanga magitala ndi maamplifaya, ndi anthu ake ndi amene anamupangira amplifaya ya Showman, yokhala ndi sipika ya JBL ya mainchesi 15, imene pambuyo pake inafika mphamvu ya mawati 100. Dale, amene bambo ake anali a mtundu wa ku Lebanon, ankaimba ndi dzanja lamanzere pa nsambo zokhuthala kwambiri, akukhwatcha nsambo imodzi mofulumira monga anamvera poimba oud, choimbira cha nsambo, kwa achibale ake. Mu 1961 momwemo kampani ya Fender inatulutsa kabokosi ka reverb, mmene mawu amadutsa m'timasipiring'i tachitsulo n'kutuluka akunjenjemera ngati akumvekera m'phanga lonyowa. Magulu amene anadzutsanso surf m'zaka za m'ma 1990, monga Los Straitjackets ndi Man or Astro-man? a ku Alabama, anatengera kwa Dale ndi kwa gulu la The Ventures osati nyimbo zokha komanso zipangizo zimenezi, zimene zimapereka kukoma kwake zikakwezedwa.

Khutu silisankha mtundu wa nyimbo. Limangolandira mphamvu. Mawu akagunda nembanemba ya m'khutu, timafupa titatu timawapititsa m'cochlea, kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono kodzaza ndi madzi. M'kati mwake muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi tiubweya pamwamba. Pafupifupi 3,500 ndi tam'kati, timene timasandutsa kugwedezeka kwa madziwo kukhala uthenga wopita ku ubongo. Totsalato, takunja, timatalika ndi kufupika tokha kuti tikuze mawu apansipansi. Timaseloti tinandandalikidwa motsatira kukwera kwa mawu: tolandira mawu okwera tili pakhomo, tolandira mawu a besi tili mkati kunsonga. Phokoso likapyola muyeso, tiubweyato timapindika ndi kuthyoka, selo limagwira ntchito mopitirira n'kudzaza ndi zinthu zoliwononga lokha, ndipo ena amafa. Mbalame zimameranso maselo oterewa, monga akatswiri anasonyezera mu 1988, koma munthu ayi. Ndipo apa ndi pamene surf ili ndi vuto lake lapadera. Ngalande ya khutu imakuza yokha mawu a pafupi ndi 3,000 hertz, n'chifukwa chake kugontha kobwera ndi phokoso kumayamba kuonekera pa 4,000 hertz poyeza. Kuthwa kwa gitala ya Fender, kulira kwa masipiring'i a reverb ndi mbale zachitsulo za ng'oma zimaunjika mphamvu yambiri cha pomwepo. Mawu oyera, opanda kusasa, amamveka okoma, moti munthu amapirira kukweza kumene akanakuthawa kukanakhala kokhakhala.

Bodza limene limakwiyitsa kwambiri pa nkhaniyi ndi lakuti makutu amazolowera. Munthu amalowa m'holo n'kumva kuti phokoso lachuluka, pakapita theka la ola amati tsopano zili bwino, ndipo amaganiza kuti makutu ake alimba. Chimene chachitika n'chakuti timaselo tatopa ndipo akumva pang'ono kuposa mmene analowera. Kumeneko n'kugontha kwa kanthawi, ndipo kulira kwa m'makutu kumene amapita nako kunyumba ndi chizindikiro cha kuvulala, osati umboni wakuti dansi inali yabwino. Ena amayankha kuti pofika mawa zonse zimakhala zitabwerera, ndiye vuto lili pati? Mu 2009 Sharon Kujawa ndi Charles Liberman anafalitsa kafukufuku wochitidwa pa mbewa zimene anaziika m'phokoso kwa maola awiri. Patapita masiku, mbewazo zinkamvanso mawu apansi monga kale ndipo timaselo ta tiubweya tija tinalipo, koma mbali yaikulu ya polumikizira timaseloti ndi mitsempha yopita ku ubongo inali itatayika, ndipo mitsemphayo inkafota pang'onopang'ono pambuyo pake. Mbewa si munthu, n'zoona, ndipo akatswiri akufufuzabe kukula kwa vutoli mwa anthu. Koma kuyambira pamenepo palibe amene anganene molimba mtima kuti khutu limene lasiya kulira lachira lonse.

Masamu ake savuta. Bungwe la ku America loona za chitetezo cha anthu pantchito la NIOSH limaika malire pa madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku, ndipo madesibelo atatu aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati, chifukwa mphamvu ya mawu imakhala yawirikiza kawiri. Pa 88 ndi maola anayi, pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Zoimbaimba za magitala amagetsi nthawi zambiri zimafika cha pa 100 pomwepo, kotero womvera amene waima kutsogolo kwa ola limodzi ndi theka walandira mlingo wa masiku asanu ndi limodzi usiku umodzi. Woimba amene amayenda mizinda akuimba usiku ndi usiku, amplifaya ili kumsana kwake, ndiye amalandira zoposa. Nsalu ya chophimba kumaso sitchinga kalikonse pamenepa, monganso thonje limene ena amadzinamiza nalo politsindira m'makutu.

Pali mtsutso wina umene umamveka wanzeru: Dick Dale anaimba mokweza mpaka pamene anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 81, ndiye ngoziyo ili kuti? Kutha kuimba si umboni wa kumva bwino. Zala zimakumbukira nsambo, thupi limamva kugunda kwa ng'oma, ndipo kugontha kwa phokoso kumayamba ndi mawu okwera amene amasiyanitsa zilembo monga s ndi f polankhula. Munthu wotere angathe kutsogolera gulu pasiteji koma n'kumavutika kutsatira macheza m'chipinda chodyera chodzaza anthu. Komanso anthu amasiyana kapiriridwe ka makutu awo, ndipo palibe njira yodziwira pasadakhale kuti iwe uli mbali iti. Onena kuti zotsekera m'makutu zimapha nyimbo ali ndi mfundo pang'ono, chifukwa zasiponji zija zimadula mawu okwera kuposa a besi, zimene zimachotsadi kuthwa kwa surf. Koma pali zotsekera zopangira oimba, zimene zimatsitsa mawu onse pafupifupi mofanana, ndipo zakhalapo kwa zaka zambiri.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka 12 mpaka 35 ali pachiopsezo cha kugontha chifukwa cha kamvedwe kosatetezeka ka nyimbo. Mu Malichi 2022 linatulutsa muyeso wa malo a zisangalalo: phokoso lisapitirire madesibelo 100 poliyeza pa mphindi 15, lizipimidwa nthawi yonse, pakhale malo abata opumulirako makutu, ndipo zotsekera m'makutu zizipezeka kwa omvera. Muyesowu si lamulo, dziko lililonse limasankha lokha kuutsatira, ndipo m'timaholo ting'onoting'ono mmene magulu a surf amaimbira kawirikawiri, amene amalamula kukweza kwa mawu akadali munthu wogwira gitala. Womvera angathe kuima kutali ndi masipika, kutuluka panja pakati pa zoimbazo, ndi kukayezetsa makutu ngati kulira kwapitirira masiku angapo.