Valavu ya TRV

Valavu ya TRV, yomwe dzina lake lonse pa Chingerezi ndi thermostatic radiator valve, ndi valavu yomwe imamangidwa pa rediyeta yotenthetsera chipinda ndipo imadzitsegula ndi kudzitseka yokha potengera kutentha kwa mpweya wa m'chipindamo. Imapezeka kwambiri m'nyumba za ku Ulaya, monga ku Britain, Ireland, Germany ndi Denmark, komwe boyila imodzi imatenthetsa madzi ndipo pampu imawazunguliza m'mapaipi kupita ku marediyeta a zipinda zonse. Ku Malawi nyumba sizimangidwa motere, choncho ambiri amakumana nayo koyamba akapita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito m'mayiko ozizirawa.

Woyamba kupanga valavu yotere anali Mads Clausen, yemwe anayambitsa kampani ya Danfoss ku Denmark. Anapanga yoyesera mu 1943. Masiku ano mavalavu ogulitsidwa ku Ulaya amayesedwa potsatira muyezo wa EN 215.

Momwe imagwirira ntchito

Valavuyi ili ndi zigawo ziwiri. Pansi pali thupi lachitsulo momwe madzi amadutsa, ndipo pamwamba pa thupilo pamatuluka kapini kakang'ono kokhala pa sipuling'i. Kapiniko kakadinidwa, njira ya madzi imatsekeka. Kakasiyidwa, sipuling'i imakakankhira m'mwamba ndipo madzi amadutsa. Chigawo chachiwiri ndi mutu wapulasitiki wokhala ndi manambala. M'kati mwake muli kabotolo ka phula, ka zamadzimadzi kapena ka gasi, zomwe zimafufuma chipinda chikatentha n'kudina kapini kaja, ndipo zimabwerera chipinda chikazizira.

Manambala a pamutu si liwiro, ndi mlingo wa kutentha komwe chipinda chiyenera kufika. Pa mavalavu ambiri nambala 3 imayimira pafupifupi madigiri 20, nambala 2 pafupifupi 16, ndipo 4 pafupifupi 24, ngakhale makampani amasiyanako pang'ono. Chizindikiro cha nyenyezi ndi chotetezera kuti madzi asaundane m'mapaipi: valavu imatseguka pokhapokha chipinda chikazizira mpaka cha m'ma digiri 7. Anthu ambiri akalowa m'chipinda chozizira amapotokolera mutu pa 5 poganiza kuti chitentha msanga. Sichitentha msanga, chimangopitirira kutentha mpaka munthu atsegule zenera, gasi akuthera pachabe.

Rediyeta yozizira pomwe zina zikutentha

Ili ndiye vuto lofala kwambiri, ndipo limaonekera mu Okutobala kapena Novembala anthu akayatsanso boyila. M'miyezi yotentha mutu umakhala utadina kapini kwa nthawi yaitali, ndipo kamamatirira pansi chifukwa cha dzimbiri ndi litsiro la m'madzi. Kuzizira kukabwera mutu umabwerera, koma kapini kamatsalira komweko.

Kuti munthu atsimikize, amapotokola mutu mpaka pa nambala yaikulu, kenako amamasula mphete yomwe yagwira mutuwo ku thupi. Pa mitundu yambiri mpheteyi imamasuka ndi dzanja, ndipo madzi satuluka chifukwa mutu sukhudzana ndi madzi. Mutu ukachoka, kapini kamadinidwa ndi chinthu cholimba ngati kumbuyo kwa supuni. Kapini kabwino kamalowa mamilimita ochepa chabe n'kubwerera kokha. Ngati sikakusuntha, amagogoda pang'onopang'ono m'mbali mwa thupi la valavu ndi chogwirira cha sipanala, n'kumakadina mobwerezabwereza mpaka katamasuka. Kadontho ka mafuta ofewetsa dzimbiri kamathandiza. Ena amakakoka ndi pulayala, koma apa m'pamene zinthu zimaonongekera: pa mavalavu ena kapini kamatha kuzuka konse, madzi akuda n'kuyamba kutuluka pa kapeti, ndipo kukapinda pang'ono kokha kumaononga kamphira komwe kamatchinga madzi.

Ngati kapini kakuyenda bwino ndipo rediyeta yatentha mutu utachotsedwa, ndiye kuti wolakwa ndi mutu. Umagulidwa paokha ndipo kuusintha sikufuna kukhetsa madzi. Chofunika n'kuona kamangidwe kake: mitu yambiri ndi ya muyezo wa M30 x 1.5, koma mavalavu a Danfoss amtundu wa RA ali ndi kamangidwe kawokawo ndipo mutu wa kampani ina sulowa popanda cholumikizira.

Kupewa kwake n'kosavuta. Boyila ikazimitsidwa m'nyengo yotentha, mitu yonse isiyidwe pa nambala yaikulu kuti kapini kakhale komasuka.

Pamene valavu ilibe mlandu

Nthawi zambiri valavu imanamiziridwa. Rediyeta yotentha pansi koma yozizira pamwamba ili ndi mpweya m'kati, ndipo umatulutsidwa ndi kakiyi pa kabowo ka pakona yapamwamba, pampu itazimitsidwa, mpaka kulira kwa mpweya kutasiya n'kuyamba kutuluka madzi. Pambuyo pake ayenera kuona geji ya pa boyila, chifukwa mphamvu ya madzi imatsika. Pa maboyila ambiri a masiku ano muvi uyenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar madzi ali ozizira. Rediyeta yotentha pamwamba koma yozizira pansi ili ndi matope akuda a dzimbiri, ndipo imafunika kutsukidwa.

Mbali ina ya rediyeta kuli valavu yachiwiri yotchedwa lockshield, yovindikiridwa ndi kachipewa kapulasitiki. Ntchito yake ndi kugawa madzi kuti marediyeta a pafupi ndi boyila asatenge onse. Ikakhala yotsekedwa, mwina ndi wopenta yemwe anaiwala kuitsegula, rediyeta sitentha ngakhale TRV ili bwinobwino.

Malo omwe mutu uli nawonso amasokoneza. Mutu umamva mpweya wouzungulira basi. Ukakhala kuseri kwa katani lolemera, kwa sofa kapena pansi pa zovala zoyanikidwa, umaona ngati chipinda chatentha kale ndipo umatseka. Kwa malo otere kuli mitu yokhala ndi kachipangizo komvera kutentha komwe kamaikidwa patali pakhoma. Komanso si bwino kuika TRV m'chipinda chomwe muli thermostat yaikulu ya nyumba, chifukwa ziwirizi zimalimbana: valavu ikatseka msanga, thermostat siifika pa mlingo wake ndipo boyila imangoyakabe.

Rediyeta yosazima, phokoso ndi kudontha

Rediyeta yomwe imatenthabe ngakhale mutu uli pa 0 kawirikawiri ili ndi mutu womasuka kapena wakufa. Ngati mutu wabwino wochokera ku rediyeta ina waikidwapo koma ikutenthabe, m'kati mwa thupi muli litsiro kapena mphira watha, ndipo thupi lonse liyenera kusinthidwa. Iyi ndi ntchito ya pulambala chifukwa madzi amakhetsedwa.

Kugogoda kwamphamvu pamene valavu ikutseka kumasonyeza kuti inamangidwa motsutsana ndi komwe madzi akulowera. Mavalavu akale ali ndi muvi umodzi pathupi. Atsopano ambiri amalola mbali zonse. Kulira ngati likhweru kumachokera ku pampu yomwe ikukankha kwambiri pamene mavalavu ambiri atseka, ndipo kumachepa pampu ikatsitsidwa liwiro kapena pakaikidwa valavu yolambalalitsa madzi.

Pochotsa rediyeta kuti khoma lipentedwe, kupotokolera mutu pansi sikokwanira. Usiku kukazizira valavu ikhoza kudzitsegula n'kukhuthula madzi pansi, n'chifukwa chake mutu umachotsedwa n'kuikapo kachitsekero kapulasitiki komwe kamabwera ndi valavu yatsopano.

Malamulo ku Britain

Aliyense akhoza kusintha mutu wa valavu kapena kutulutsa mpweya, koma kutsegula boyila ya gasi ndi ntchito ya amisiri olembetsedwa ku Gas Safe Register, yomwe inalowa m'malo mwa CORGI mu 2009. Ku England, lamulo la Landlord and Tenant Act 1985 limati mwini nyumba ndiye ayenera kukonza zotenthetsera m'nyumba ya lendi, choncho wobwereka akaona valavu ikudontha amayenera kumudziwitsa m'malo moimasula yekha.