Sanjika: Nyumba Imene Onse Aiona Koma Olowamo ndi Ochepa

Munthu akaima pakati pa mzinda wa Blantyre nayang'ana chakumadzulo, kupitirira Namiwawa, maso ake sangalephere kugwa pa nyumba yaikulu yokhazikika pamwamba pa phiri la Sanjika. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1970 kuti muzikhala Pulezidenti woyamba wa dziko lino, Dr H. Kamuzu Banda. Tsono awerengi athu angafunse: kodi pansi panasowa malo kuti omanga avutike kukweza miyala ndi simenti paphiri?

Yankho lake tikalipeza ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1600 kumeneko kunafala mamangidwe otchedwa Baroque, amene cholinga chake chinali kuzizwitsa woona. Chitsanzo chotchuka koposa ndicho nyumba yachifumu ya Versailles m'dziko la France, mailosi 12 kuchokera ku Paris. Mfumu Louis XIV anasamukiramo m'chaka cha 1682, ndipo nduna ndi akuluakulu a dziko anayenera kumtsata. Misewu itatu yotakata imadzakumana pabwalo la nyumbayo, ndipo chipinda chogona mfumu chinaikidwa pakati penipeni, moyang'ana kotulukira dzuwa. M'katimo muli chipinda china chotalika mafiti 240, cha mazenera 17, ndipo kukhoma lopenyana nawo kuli magalasi odziyang'anira 357, pa nthawi imene galasi linali chuma chosowa. Mlendo pofika pamaso pa mfumu anali atadziona kale kuchepa kwake.

Sanjika si Versailles ayi. Kukula kwake ndi makongoletsedwe ake n'zosiyana kutalitali. Koma nzeru yake ndi imodzimodzi. Chimene Louis anachita ndi misewu, omanga Sanjika anachita ndi phiri. Wopita kumeneko ayenera kukwera, ndipo wokhala kumeneko aona mzinda uli kunsi kwake, Ndirande ndi Soche zili poteropo.

Palinso kufanana kwina. Likulu la dziko linachoka ku Zomba kunka ku Lilongwe m'chaka cha 1975, koma Ngwazi ankakhala kwambiri ku Blantyre. Kotero nduna yofuna kuonana nawo inkayenda mailosi pafupifupi 200. Maofesi anali ku Lilongwe, koma mawu otsiriza ankatsika paphiri.

Nyumba zotere sizisunga mwini mmodzi. Louis XVI anatulutsidwa m'Versailles ndi khamu la anthu mu October 1789. Kwathu kuno zinayenda mwamtendere: atatha masankho a mu May 1994, Dr Banda anatsika paphiri nakakhala ku Mudi House, ndipo Dr Bakili Muluzi analowa ku Sanjika, kumene anakhala zaka 10. Nyumba ina ya Boma ya ku Lilongwe, ya zipinda ngati 300, inasanduka Nyumba ya Malamulo, kufikira Dr Bingu wa Mutharika anaitenganso m'chaka cha 2004. Lero Pulezidenti amafikira ku Sanjika akakhala ndi ntchito m'chigawo cha Kumwera.

Pano ndipo pali nkhani yoti Boma liiganizire. Afalansa anasandutsa Versailles nyumba yosungiramo mbiri ya dziko lawo m'chaka cha 1837, ndipo alendo miyandamiyanda amapita kukaiona chaka ndi chaka. Ife sitikuti Sanjika achotsedwemo Pulezidenti. Chitetezo cha mtsogoleri si chinthu chosewera nacho. Koma nyumbayi ndi chuma cha mtundu wonse, ndipo nkhalamba zimene zinasenza matope pomanga, pamodzi ndi amayi a mbumba amene ankavina pamaso pa Ngwazi, zikutha mmodzimmodzi. Akuluakulu a nyumba yosungiramo zakale ya ku Chichiri akadalemba zimene anthu amenewa akumbukira, naonetsa zithunzi ndi mapulani a nyumbayi. Ndiponso pa masiku amene Pulezidenti ali ku Lilongwe, sikukadavuta kulola ana a sukulu a ku Chilomoni, amene akula akuiona pa mtunda, kuti akwere phirilo ndi aphunzitsi awo.