ZIPHANIPHANI ZACITSULO ZIMENE ZIJAMBULA KUMWAMBA

Usiku wa pa 13 September 2025, khamu limene linasonkhana pabwalo la Petro Woyera ku Vatican linaona zodabwitsa. Pamwamba pa chalichi panaoneka nkhope ya malemu Papa Francis, yaikulu ndi yowala. Cithunzico cinapangidwa ndi tindege toposa 3,000 topanda munthu mkati, tochedwa ma drone, kalikonse konyamula nyali yake.

Luso limeneli silakale. Mu 2012, mumzinda wa Linz ku Austria, akatswiri a Ars Electronica anaulutsa tindege 49 pamodzi. Mu 2015 kampani ya Intel inaulutsa 100 ku Germany. Potsegulira masewera a Olympic ku Tokyo mu 2021, tindege 1,824 tinaumba dziko lapansi lozungulira pamwamba pa bwalo.

Kodi tindege tambirimbiri tere tipewana bwanji? Cinsinsi cake cili pansi. Amisiri amayamba ajambula cionetsero conse pakompyuta, napatsa kandege kalikonse njira yake, nthawi yake ndi mtundu wa kuwala kwake. Kakauluka kamadziwa malo ake mothandizidwa ndi GPS pamodzi ndi makina ena oikidwa pansi, kotero kuti sikaphonya koposa masentimita ocepa. Kandegeko sikadziwa cithunzi cimene kakupanga. Kamangosunga malo amene kapatsidwa. Popeza mabatire amatha msanga, cionetsero kawirikawiri cimatenga mphindi 10 kapena 15 cabe.

Mizinda yambiri yayamba kukonda tindegeti m'malo mwa makombola. Makombola amasiya utsi, amaopseza makanda ndi ziweto, ndipo m'cilimwe angathe kubutsa moto wolusa. Tindege sitiphulika, ndiponso tingagwiritsidwe nchito mobwerezabwereza.

Komatu kukongola kumeneku kuli ndi ngozi zake. Mu July 2023 ku Melbourne, m'dziko la Australia, mphepo yamkuntho inakula koposa mphamvu ya tindege, ndipo toposa 400 mwa 500 tinagwera m'madzi. Mwamwai panalibe wovulala. Ku Orlando, ku America, mu December 2024, tindege tinagundana, ndipo kamodzi kanagwera m'khamu la oonerera ndi kuvulaza kwambiri mwana wa zaka 7.

N'cifukwa cake akatswiri osamala amasiya mpata waukulu pakati pa tindege ndi anthu, amaika malire osaoneka amene kandege kosokera sikangadutse, ndipo amapima mphepo asanayambe. Nchito yovuta koposa ndiyo kulimba mtima kuuza khamu limene ladikira tsiku lonse kuti lero kulibe cionetsero.

Inu makolo, mukadzapita ndi ana kukaona ziphaniphani zimenezi, imani pamalo amene okonza apatula, ndipo musalole ana kulumpha cingwe kuti aonetsetse. Cithunzi ca kumwamba cimaoneka bwino munthu akaima patali.